Mchira wa Gologolo ndi Mtolo wa Nantchengwa

Padangokhala, m'masiku amene nyama zing'onozing'ono zinali zitangozolowera kugwira foni, kunali mfumukazi wina dzina lake Nkhanga. Ankalamulira nkhwali, zinziri, mbewa, achule ndi ena onse amene amadya akuyang'ana kumwamba chifukwa choopa kabawi.

Mmisiri wake wamkulu anali Nantchengwa. Iyeyu ndiye analemba pulogalamu ya dziko lonselo, ndipo anailemba monga amamangira chisa chake: chilichonse chimene wapeza ankalowetsa momwemo. Munali mayina aulemu a mfumukazi ndi a makolo ake. Munali nyimbo zonse za Nduna Chule, mkulu wa zoimba. Munali milandu yakale imene Nduna Nungu anaweruza, mauthenga a maliro, ngakhale kasiyanitsidwe ka bowa wodya ndi wakupha. Munalinso chinthu chimene amayi a anapiye ankachifuna koposa zonse: diso loyang'ana kumwamba, lochenjeza kabawi akamabwera.

Malangizo onse a pulogalamuyo ankakhala m'chisa cha Nantchengwa, atamangidwa mtolo umodzi. Kuchokera kuchisako kunali ulusi wa kangaude wopita ku foni iliyonse. Wina akatsegula pulogalamu, nyerere zinkanyamula malangizowo pa ulusipo zili pamzere, pakuti ulusi sulola awiri kuyenda mogundana mapewa. Kuchisako malangizo sankatha, chifukwa ali ngati moto: ukakapala kwa mnzako, kwa iye suzima. Koma pulogalamu sinkayamba ntchito mpaka nyerere yomaliza itatula katundu wake.

Nyererezo zinkadziwa mwambo. Katundu wa mfumukazi ankatsogola, kenako wa nduna malinga ndi ukulu wawo. Diso lija linalibe mwini waulemu, choncho linkabwera pambuyo pa bowa. Poyenda zinkaimba nyimbo yawo: yotsogola inkafunsa mwini wa katundu, zinzake n'kumavomera kuti katundu ndi wa eni ake koma msana ndi wawo, ndipo zikafika pamenepo zinkayambiranso.

Ena pofotokoza amati pulogalamuyo inkatenga tsiku lathunthu kuti itseguke. Kumeneko ndi kukokomeza. Inkangotenga nthawi yokwanira kuti mwanapiye atope kudikira n'kutuluka pansi pa phiko la mayi ake, ndipo kabawi sankafuna nthawi yoposa imeneyo.

M'dzikomo munalinso Gologolo. Za malangizo ankadziwako pang'ono, za kulankhula ankadziwa zambiri. Tsiku lina ali pamowa kwa Nkhwali anayamba kudzitama.

"Ine chakudya changa sindisunga m'dzenje limodzi," anatero. "Ndikafuna mtedza ndimafukula mtedza, sindifukula nkhokwe yonse. Atandipatsa mtolo wa a Nantchengwa uja, foni ikhoza kulira kabawi asanapinde n'komwe mapiko."

Msuweni wake Khwangwala, mthenga wa mfumukazi, anali pomwepo.

"Msuweni, mawu amenewo ndi ako kapena ndi a chipanda?"

"Ndi anga. Chipanda changondikumbutsa."

"Ndiye ndikawatule kwa amayi athu mfumukazi asanazizire."

M'mawa mwake Gologolo anaitanidwa kubwalo. Mfumukazi anali asanavule zakuda, chifukwa kabawi anali atamutengera mdzukulu masiku omwewo. Sanakweze mawu.

"Ndamva kuti uli ndi nzeru zogawa mtolo."

"Wawa, Mayi. Chofunika msanga chibwere chokha. Zinazo zizibwera zikaitanidwa."

Nantchengwa anapukusa mutu. "Mayi, zinthu zimenezi zimadalirana. Mukazipatula, china chidzafuna chinzake n'kupeza kulibe. Mtolo wanga umachedwa, sindikana, koma ukafika wafika wonse. Palibe amene anatsegulapo n'kupeza theka."

"Zonse ziwiri ndamva," anatero mfumukazi. "Ayese. Koma ntchito ya mmisiri siphwasulidwa ndi munthu amene alibe chotaya. A Nungu, mutiuze."

Nduna Nungu anaweruza motere: Gologolo aziima pakati pa bwalo n'kutsegula foni, ndipo nthawi yomweyo Khwangwala azinyamuka pamtengo wakutali ngati kabawi. Foni ikalira Khwangwala asanafike, Gologolo wapambana. Ikalephera koyamba, Khwangwala azule ubweya kumchira wake. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu mchira wonse udulidwe, ukhale litchowa lothamangitsira ntchentche pabwalo.

Gologolo anayang'ana mchira wake. Unali wokongola ndithu, ndipo analibe china chodzitamira nacho.

"Wawa," anatero, mawu atachepa.

Vuto loyamba silinali la malangizo ayi. Nduna zitamva kuti katundu wawo azitsala kuchisa, zinakana. Chule anatupa mpaka maso kutuluka.

"Nyimbo zanga zibwere pambuyo pa diso? Diso la yani? Lili ndi mfunda wanji?"

Gologolo anagwada, naomba m'manja. "Nduna yanga, ine ndimadabwa kuti mwapirira nthawi yonseyi. Kodi pamaliro kapena paukwati, wamkulu amafika limodzi ndi anyamata oyala mphasa?"

"Iyayi."

"Amafika liti?"

"Onse atakhala pansi."

"Amangobwera yekha?"

"Amachita kutumiziridwa munthu," anayankha Nungu, minga yake itagona.

"Nanga bwanji nyimbo zanu ndi milandu yanu zimathamanga m'chigulu ndi bowa, wina asanazifune n'komwe? Ine ndimati zizikhala kunyumba mwaulemu, wofuna azituma mthenga."

Nduna zinayang'anizana. Posakhalitsa zinayamba kukangana kuti womaliza kuitanidwa akhale ndani. Gologolo anazisiya zikukangana, napita kukamasula mtolo.

Anaugawa monga amagawira mtedza wake. Langizo lililonse analimanga palokha, timitolo tambirimbiri tosalemera n'komwe. Ngakhale diso analigawa: chikope pachokha, mwanadiso payekha, misozi yotsukira payokha. Nantchengwa anangoyang'ana.

Tsiku loyesa, Gologolo anaima pakati pa bwalo natsegula foni. Khwangwala ananyamuka. Nyerere imodzi inathamanga pa ulusi kukatenga chikope. Koma nyerere yoleredwa bwino silowa pakhomo pa wamkulu ngati mbuzi. Itafika inaodira, inadikira kuyankhidwa, inapereka moni, inafunsa za ana, kenako n'kunena chimene yabwerera. Nantchengwa anayankha zonse mwaulemu, pakuti moni sabweza theka. Chikope chitafika, chinapeza kuti mwanadiso kulibe, ndipo nyerere ina inanyamuka kukaodiranso. Yopita ndi yobwera zikakumana pa ulusi, zinkaima n'kugundanitsa mitu, monga zimachitira mpaka lero. Nyimbo ija inasokonekera: yofunsa inkafunsa, koma kumbuyo kwake kunalibe wovomera.

Khwangwala anatera, nazula ubweya, nakakhala pambali.

"Wafewa bwino, msuweni," anatero. "Mkazi wanga amafuna woyalira mazira."

"Umuuze kuti wabwereka."

Gologolo anakhala pansi naganiza. Kulemera kunali kutachoka, koma m'malo mwake munalowa maulendo, ndipo ulendo uliwonse unali ndi moni wake. Moni sakanauletsa, akanayesa, nyerere zikanamutcha wopanda mwambo n'kusiya ntchito. Choncho anasonkhanitsa timitolo tija namanga mitolo yocheperako chiwerengero, uliwonse ndi mwini wake: wa mfumukazi, wa Chule, wa Nungu, ndi wa diso lonse lathunthu, woti uzitsogola.

Poyesa kachiwiri zinthu zinayamba bwino. Moni unali umodzi. Nyerere zochepa zinadutsa pa ulusi zikuimba nyimbo yawo mofulumira, yofunsa ikufunsa, zinzake zikuvomera za msana wawo ngati zikuseka. Diso linafika, linatseguka, linamuona Khwangwala akadali kutali.

Koma foni inangoti zii.

Diso linkaona, koma linalibe cholankhulira. Kholingo lotulutsa mawu linapangidwa kalekale chifukwa cha nyimbo za Chule, ndipo Gologolo pomanga analiika mumtolo wa mwini wake. Diso linatuma nyerere kukalitenga. Nyerereyo inaodira, ndipo mtolo wa Chule unanyamuka wonse, nyimbo za mvula, za ukwati, za chinamwali, kholingo lili pakati. Pamene foni inkakuwa kuti kabawi, Khwangwala n'kuti atazula kale ubweya wachiwiri, akupukuta mlomo.

"Yalira, msuweni! Thawa!"

Pabwalo anaseka, koma mfumukazi sanaseke. Nantchengwa nayenso sanaseke. Anangoti, "Ndinanena," kamodzi kokha, nabwerera kuchisa kwake.

Mchira wa Gologolo unali utayamba kuoneka ngati tsache lakale. Tsopano anadziwa chimene chinkamusowa. Iye ankadziwa kugawa, koma sankadziwa chimene chimatsamira pa chinzake. Wodziwa zimenezo anali mmodzi yekha, ndipo kumufunsa mwachindunji kukanakhala ngati kupempha munthu nkhwangwa yoti ugwetsere nyumba yake.

Anapita kuchisa dzuwa lili pamutu, naodira ndi mawu a munthu wodwala.

"Lowa," anatero Nantchengwa. "Wabwera kudzafunsa?"

"Iyayi, Bambo. Ndagonja. Mchira upite. Koma sindifuna kusiya ntchito yanu ili mbwee. Ndabwera kuti ndibweze chilichonse m'malo mwake, monga ndinachipezera."

"Bweza."

Gologolo anakhala pakhomo, pomwe mmisiriyo akanamuona bwino, nayamba kumanga. Anatenga diso nalimanga pamodzi ndi bowa. Anatenga kholingo naliika pakati pa milandu ya Nungu. Mfundo anamanga yokhota, luzi lina likulendewera. Ankaimba chapansipansi nyimbo ya nyerere ija, mosalongosoka dala.

Nantchengwa anatembenuka n'kuyang'ana kukhoma. Patapita kanthawi anacheuka. Anatsokomola. Anayang'ananso kukhoma.

"Bambo, kansinga aka n'kachiyani? Kakuoneka ngati kotsalira. Nditaye?"

"Usataye!"

"Ndiye ndikaike ndi maliro."

"Iwe, manja akowo ndi okumbira basi? Bwera nako kuno!"

Mmisiri akhoza kupirira njala, akhoza kupirira chipongwe, koma sangapirire kuona ntchito ikumangidwa molakwika pamaso pake. Nantchengwa analanda luzi, namasula zonse, nayamba kusanja akung'ung'udza.

"Kansinga aka ndi kamene kamauza kholingo zimene diso laona. Popanda iko, diso liona, kholingo likhalapo, koma sizidziwana. Zitatuzi siziyenda padera, wamva? Diso, kansinga, kholingo. Ndipo kholingo si la Chule yekha. Maliro amalengezedwa nalo, mayina a amayi amatchulidwa nalo. Chinthu chimene onse amagwiritsa ntchito suchibisa m'nyumba ya mmodzi."

"Nanga tikanapanga makholingo ambiri, mtolo uliwonse lake?"

"Kuti nyerere zizinyamula chinthu chimodzi kangapo? Ndipo tsiku limene lidzasase mawu, udzakonze ili n'kuiwala lija? Limodzi basi, lizikhala pamene aliyense alipeze." Anakoka mfundo. "Bowa ndi maliro ndi zazing'ono, sizoyenera ulendo wakewake. Zimange pamodzi. Milandu ndi yolemera ndipo safunsa kawirikawiri. Imeneyo payokha."

Anamanga, namanga, kenako anaima. Patsogolo pake panali kamtolo kakang'ono ka zinthu zitatu, ndi mitolo ina ingapo kumbuyo kwake, yosanjidwa bwino kuposa mmene Gologolo akanathera. Anayang'ana ntchitoyo nthawi yaitali.

"Wandigwiritsa ntchito," anatero.

"Ine ndangogwirizira luzi, Bambo."

Nantchengwa anafuna kukwiya, koma mfundo zinali zake ndipo zinali zabwino. Anakhala pansi.

"Usamayese kuti ndinali wopusa. Pamene ndinkayamba, munali diso, kholingo ndi mayina a amayi basi. Nyerere zinkafika munthu asanakhale pansi. Kugawa nthawi imeneyo kukanakhala kudzivutitsa chabe. Mtolo unakula pang'onopang'ono, uyu abwere ndi chake, uyu ndi chake, ndipo amene amaunyamula sanali ine."

"Ndamva, Bambo."

"Sunamve. Koma pita kwa Chule. Kholingolo salipereka."

Ndipo Chule sanalipereke. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anatupa.

"Si iwe unati wamkulu safika ndi oyala mphasa? Lero ukufuna mawu anga azithamanga kutsogolo ngati mwana wotumidwa mchere? Kholingo langa limachita kuitanidwa."

Gologolo anamva msampha wake womwe ukumugwira mwendo. Anakanda kumutu, nayang'ana pansi ngati wochita manyazi.

"Mwanena zoona, Nduna yanga. Ndingokawauza anthu aja kuti analakwitsa."

"Anthu ati? Ati chiyani?"

"Zopanda pake. Amati wamkulu weniweni asanafike, pamayamba pafika womulengeza, kuti anthu akonze malo. Ndiye amafunsa kuti a Chule wowalengeza ndani, popeza nyimbo zawo zimangotulukira ngati mlendo wosochera. Ine ndinati kholingo lija ndilo likanamatsogola, aliyense akalimva azidziwa kuti eni ake ali m'mbuyo. Koma poti mwakana..."

"Ndakana liti?"

"Ndimayesa..."

"Umayesa! Ana a masiku ano simudikira munthu amalize. Tenga kholingolo. Ndipo anthu adziwe kuti ndi langa."

Tsiku loyesa komaliza, mpeni anabwera nawo pabwalo Nungu, atauika pambale. Gologolo anaupenya kamodzi, sanaupenyenso. Anaima pakati natsegula foni, ndipo Khwangwala ananyamuka.

Nyerere inaodira kamodzi. Kamtolo kanadutsa pa ulusi, nyimbo ili m'kamwa. Yotsogola inafunsa mwini wa katundu, zinzake zinayamba kuvomera, koma zisanafike pa mawu a msana zinali zitatula kale. Diso linatseguka, kansinga kananjenjemera, foni inakuwa.

Pali ena amene amati Khwangwala anali asanachoke n'komwe panthambi. Si zoona. Anali atadutsa theka la ulendo, ndipo Gologolo anachita kuthamanga ndithu kuti alowe kudzenje. Koma analowa ndi mchira womwe, ndipo mwanapiye akanalowanso.

Khwangwala anatera pakhomo pa dzenjelo nasuzumira.

"Ndinachita kukulekerera, msuweni."

"Ndiye ukupumiranji chonchi?"

Amayi a anapiye sanadikire chigamulo. Aliyense anatsegula foni yake, ndipo pabwalo panamveka maso akutseguka uku ndi uku. Mfumukazi nayenso anatsegula yake, napempha mayina a makolo ake. Nyerere inapita, inaodira, inafunsa za ana. Bwalo lonse linadikira limodzi naye. Patapita kanthawi mayinawo anafika.

"Ndadikira," anatero mfumukazi.

Gologolo anatuluka m'dzenje nagwada. "Mayi, wamkulu amachita..."

"Zimenezo ukawauze a Chule. Ine ndinakumva tsiku loyamba lomwe. Ndalola chifukwa kudikira mayina a akufa n'kopepuka kusiyana ndi kuonjezerapo dzina lina. A Nungu, bwezani mpeni."

Nungu anatenga mbale ija, koma sanachoke. Anayandikira, minga itadzuka pang'ono.

"Mayi, pali kankhani. Tamva kuti a Chule ali ndi wowalengeza m'kamtolo kotsogola. Ine ndine wamkulu kwa a Chule. Ndimati mulowe mlandu umodzi wokha, waufupi, uzindilengeza."

"Inenso kanthu kamodzi," anatero Nkhwali. "Kongonena kumene kuli mowa. Sikalemera."

Kumbuyo kwake kunali kutaima kale mzere.

Nantchengwa anaseka koyamba chiyambire nkhaniyi. "Umu ndi mmene unayambira wanga uja," anatero.

Mfumukazi anayang'ana mzerewo, kenako anayang'ana Gologolo.

"Wawapatsa njala ndiwe, uwadyetse ndiwe. Kuyambira lero ndiwe mlonda wa kamtolo kotsogola. Palibe cholowamo usanavomere iwe ndi a Nantchengwa. Khwangwala aziuluka nthawi ndi nthawi, osakuuza tsiku. Akadzangofika foni isanalire, mpeni uja sunapite kutali."

"Mayi, ndimayesa mchirawu ndauwombola."

"Wauwombola lero."

Gologolo anatembenuka nayang'ana Nungu, amene anali atayamba kale kufotokoza kufupika kwa mlandu wake. Anakwera pachitsa, anakhala tsonga, anaimika mchira wake wothothokawo kuti onse auone, nayamba kukana. Anakana Nungu mwaulemu, anakana Nkhwali moseka, anakana Mbewa amene ankangofuna kuti dzina la mwana wake lizioneka. Ena anawanyengerera, ena anawanamiza, ena anawatumiza kwa Nantchengwa, amene ankakana mosanyengerera.

Ubweya uja unameranso. Koma mpaka lero mukamuona gologolo atakhala tsonga panthambi, akulalata, mchira ukugwedezeka, musamayese kuti akukutukwanani. Pali wina wabwera ndi kanthu kamodzi kokha, kosalemera, ndipo iye akumuuza kuti adikire kuitanidwa.

Nthano yatula katundu wake pamenepa.